Mfuti zikaleka kulira, ndalama zomangiranso dziko zimadzera kuti?

Ife okhala kuno ku Joni timakhala pakati pa anthu amene nkhondo anaiona ndi maso. Ku Rosettenville aneba athu ambiri ndi a ku Mozambique, ku Yeoville ndi a ku Congo, ndipo ku Mayfair timagula ndi kugwira ntchito m'mashopu a anthu a ku Somalia. Ikamveka nkhani yoti maiko olemera akumana ku Brussels kapena ku Paris, ndipo alonjeza mabiliyoni a madola omangiranso dera limene linasakazidwa ndi nkhondo, anzathuwa saomba m'manja. Amapukusa mutu, ndipo mwezi ukatha amakaima pa mzere n'kutumiza ndalama kumudzi monga mwa masiku onse. Funso lawo ndi lomwe ambirife tili nalo: ngati ndalama zachuluka chotere, nanga bwanji abale akugonabe m'matenti?

Ambiri amafulumira kuyankha kuti zabedwa. Nthawi zina zimabedwadi. Koma zambiri zimachedwa, zimamwazika, kapena zimathera panjira popanda wakuba aliyense. Opereka ndi ambiri, aliyense ali ndi malamulo ake ndi zofuna zake, ndipo kawirikawiri sipakhala ndi mmodzi yemwe wodziwa zonse zimene zalowa ndi kumene zapita. Nkhani ya thandizo la pambuyo pa nkhondo yagona pamenepa.

Msonkhano wa malonjezo uja usanachitike, akatswiri a boma la dzikolo, a United Nations, a World Bank ndi a European Union amayendera dera lonse kuwerengera zowonongeka: milatho ingati yagwa, zipatala zingati zatenthedwa, sukulu zingati zilibe denga, anthu angati athawa kwawo. Mabungwe atatuwa anagwirizana mu 2008 kuti kawerengedwe kotere azichitira limodzi, m'malo moti aliyense azibwera ndi lipoti lake. Pamapeto pake pamatuluka nambala imodzi yaikulu, ndipo imeneyo ndiyo amakaiika patebulo. Nthumwi za maiko zimaimirira imodziimodzi kutchula zimene dziko lawo lipereke. Ku Bosnia, nkhondo itatha mu 1995, ndondomeko yoyamba yomangiranso dziko inali ya madola 5.1 biliyoni. Za Kosovo, msonkhano wa ku Brussels mu Julayi 1999 unalonjeza madola oposa 2 biliyoni. Za Afghanistan, wa ku Tokyo mu Januwale 2002 unalonjeza 4.5 biliyoni.

Koma lonjezo si ndalama. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. M'nambala ya pa msonkhano ija mumakhala zinthu zosakanikirana. Zina ndi ngongole zodzabweza. Zina zinalonjezedwa kale chaka chatha, angozitchulanso kuti nambala inenepe. Zina ndi za zaka zisanu kutsogoloku, ndipo nyumba ya malamulo ya dziko loperekalo iyenera kumazivomereza chaka ndi chaka, moti boma likasintha kumeneko lonjezo limatha kufa. Zinanso zimabwera ndi lamulo loti katundu agulidwe ku dziko lopereka, makontilakitala nawo achokere komweko, ndiye gawo lalikulu limabwerera kumene linachoka. Pa msonkhano wa ku Cairo mu Okutobala 2014, nkhondo ya chaka chimenecho ku Gaza itatha, anthu anamva za madola 5.4 biliyoni. Zolunjika ku Gaza kwenikweni zinali pafupifupi 3.5 biliyoni, ndipo patapita zaka ziwiri World Bank inapeza kuti mwa zimenezo zinali zitafika pafupifupi theka. Ku Beira mu 2019, namondwe wa Idai atadutsa, boma la Mozambique linati likufuna 3.2 biliyoni, malonjezo n'kuthera pa 1.2 biliyoni. Kumeneko sinali nkhondo, koma kayendedwe ka zinthu n'komweko.

Ndalama zimene timangozitcha thandizo zilinso za mitundu iwiri, zochokera m'matumba osiyana ndipo zoyenda pa liwiro losiyana. Thandizo la mwadzidzidzi ndi lopulumutsa moyo lero: ufa, madzi, mankhwala, tenti, bulangeti. Liyenera kufika m'masiku ochepa. United Nations ili ndi ofesi yotchedwa OCHA yolumikiza ntchito imeneyi, komanso thumba lotchedwa CERF, limene linayamba kugwira ntchito mu 2006, momwe maiko amasonkhamo ndalama ngozi isanagwe kuti ikagwa pasakhale kuyamba kupemphetsa. Ndalama zomangiranso dziko ndi zina: misewu, magetsi, makhothi, apolisi, malipiro a aphunzitsi. Izi zimachokera kwambiri ku World Bank, ku African Development Bank, ku European Union ndi ku maboma, ndipo sizithamanga. Mlatho umodzi umafuna mapulani, umafuna makontilakitala apikisane, kenako chaka chimodzi kapena ziwiri zomanga.

Dongosolo la thandizo la mwadzidzidzi limene lilipo leroli linabadwa pambuyo pa maliro ambiri. Mu Julayi 1994, anthu oposa theka la miliyoni anaoloka kuchoka ku Rwanda kulowa m'tauni ya Goma, kummawa kwa Congo, m'masiku ochepa chabe. Kolera ndi kamwazi zinapha anthu pafupifupi 50,000 m'mwezi umodzi. Mabungwe ankhaninkhani anakhamukira kumeneko, ena odziwa ntchito, ena osadziwa, aliyense akuchita zake. Lipoti lalikulu la mu 1996 linadzudzula chisokonezo chimenechi, ndipo mu 1997 mabungwe anayamba kulemba miyezo yotchedwa Sphere. Miyezoyi imati munthu mmodzi azipeza madzi malita osachepera 15 patsiku, ndipo chimbudzi chimodzi asagwiritse ntchito anthu oposa 20. Mu 2005 ntchito inagawidwa m'magulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake: WHO pa zaumoyo, UNICEF pa madzi ndi ukhondo, WFP pa kayendetsedwe ka katundu, ndi ena otero. Amene anaona momwe nthambi ya boma la Malawi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inayendetsera zinthu namondwe wa Freddy atagwa mu 2023 anaona kagawidwe komweka. Cholinga chake n'chimodzi, kuti mudzi wa m'mbali mwa msewu usalandire mabulangeti katatu pamene wa kuseri kwa phiri sunalandire kanthu.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kumene msewu waukulu wopita ku Dedza ndiwo malire a dziko m'malo ena. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, Malawi inalandira othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, moti ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni dera. Kwathu obwerawo anali a ku Angónia, tsidya la malire ku Mozambique, a chilankhulo chathu chomwe, ena achibale enieni, ndipo ambiri anangomanga tinyumba pakati pathu. Tsiku logawa chakudya ndimalikumbukira bwino. Mzere unkayamba mbandakucha. Sikelo ankaimangirira pa nthambi ya mtengo, matumba a ufa ndi nandolo ataunjikidwa pa lona, mafuta ophikira akuyezedwa ndi kachitini. Mayi aliyense ankafika ndi khadi lake lomangidwa pa nsonga ya chitenje, ndipo mlembi ankaitana maina kuchokera m'kaundula. Moyo wa banja lonse unali m'kaundula ameneyo. Wosalembedwa ankabwerera chimanjamanja ngakhale ana ake akulira.

Mu 1992 kunagwa chilala choopsa, ndipo mabanja ena a eni mudzi, omwe anapereka malo ndi nkhuni kwa alendowo, ankagona ndi njala akuona anzawo akusenza ufa. Makolo athu anapirira, ndipo ambiri ankagawana. Koma m'malo ena padziko zinthu zotere zimabala chidani chimene chimadzayatsa nkhondo ina. Bungwe limene ntchito yake ndi othawa nkhondo silingathe lokha kuona vuto limeneli, chifukwa ndalama zake zimabwera zitalembedwa kale kuti ndi za othawa nkhondo. Pamafunika wina wokhala pamwamba, woona mudzi wonse.

Pa 4 Okutobala 1992, pulezidenti wa Mozambique Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina mgwirizano wa mtendere ku Rome. Zimene zinachitika m'zaka ziwiri zotsatira n'zoyenera kuti Mmalawi aliyense azidziwe, chifukwa zinachitikira pakhomo pathu. Anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo kuchokera m'maiko oyandikana, ochuluka kuchokera ku Malawi, ambiri wapansi osadikira malole a UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa nkhondo. Anakapeza minda itasanduka tchire, zitsime zitakwiririka, sukulu zili mabwinja, njira zitatcheredwa mabomba.

United Nations inatumiza gulu losungitsa mtendere lotchedwa ONUMOZ, motsogozedwa ndi Aldo Ajello wa ku Italy. M'komiti yaikulu yoyang'anira mgwirizanowo munali boma, Renamo, komanso nthumwi za Italy, Portugal, France, Britain, America ndi Germany. Ajello ankakumana ndi akazembe amenewa pafupipafupi kuti azilankhula chimodzi. Ndiye mbali ina ikayamba kukoka miyendo, inkamva mawu amodzimodzi kuchokera kwa onse ogwira thumba, ndipo panalibe kothawira kukapempha mseri. Asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri anatula zida. Boma linawalipira miyezi 6, opereka thandizo n'kusonkha pamodzi ndalama za miyezi ina 18. Zinali ndalama zochepa, koma zinkabwera, ndipo munthu ankakalandirira kudera kumene anasankha kukakhala, atapatsidwanso khasu ndi mbewu. Mnyamata amene anakulira m'tchire ndi mfuti anapatsidwa zaka ziwiri zoti akolole kawiri, akwatire, azolowere kukhala munthu wamba.

Panalinso thumba lina la madola pafupifupi 17 miliyoni lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale. Izi zinawawa anthu ambiri, ndipo amene anaona mabala a othawa nkhondo akudziwa chifukwa chake. Kupereka nyumba ndi galimoto kwa anthu amene ankatentha midzi si chinthu chophweka kuchimeza. Komabe ine ndimaona kuti popanda ndalama zimenezo atsogoleri a Renamo sakanatuluka m'tchire kubwera ku Maputo. Chisankho cha mu Okutobala 1994 chitangotsala maola ochepa, Dhlakama analengeza kuti chipani chake sichichita nawo. Akazembe aja pamodzi ndi atsogoleri a m'chigawo chino anamupanikiza ndi mawu amodzi, iye n'kubwerera, ndipo kuvota kunaonjezedwa tsiku lina.

Sikuti zonse zinayenda. Ntchito yochotsa mabomba okwirira inachedwa kwambiri pachiyambi chifukwa nthambi za United Nations ndi opereka ndalama ankalimbana za amene apatsidwe ntchitoyo, anthu akupitiriza kuduka miyendo m'minda. Mozambique inadzalengeza kuti yamaliza kuchotsa mabomba odziwika mu 2015. Mfuti nazo sizinatoleredwe zonse, ndipo Renamo inatsala ndi asilikali ake ena. Mu 2013 kumenyana kunayambiranso, moti pofika 2016 anthu anali akuthawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza. Mgwirizano wina wa mtendere unadzasainidwa mu Ogasiti 2019. Chimene chinasiyidwa chosatha mu 1994 chinadzalipiridwa patapita zaka 20.

Pakati pa thandizo la mwadzidzidzi ndi lomangira dziko pamakhala mpata, ndipo mitendere yambiri imafera mumpata umenewu. Atolankhani akachoka, mabungwe ogawa chakudya amalongedza kupita kumene kwabuka moto wina, pamene a misewu ndi magetsi akadali kulemba mapepala. Akatswiri a zachuma amene anafufuza nkhaniyi ku World Bank anapeza kuti ndalama zimasefukira zaka zoyambirira, nthawi imene boma lilibe ngakhale maofesi ndi anthu ozigwiritsa ntchito, kenako zimatsika pamene dziko layamba kutha kuzigwiritsa ntchito bwino. Opereka amakondanso chinthu chooneka, choti aikepo chikwangwani ndi mbendera ya kwawo: chipatala chatsopano, mjigo, buloko ya sukulu. Malipiro a namwino, dizilo wa ambulansi, zitsulo zokonzera mjigo ukafa, palibe amene amazithamangira, chonsecho ndi zimene zimachititsa kuti chipatalacho chikhale chipatala.

Njira imodzi imene anaipeza yochepetsera vutoli ife kuno timaidziwa kale. Mmalawi mnzathu akatisiya kuno ku Joni, timatsegula gulu la WhatsApp, timasankha msungichuma mmodzi, ndipo chipepeso chonse chimapita kwa iyeyo. Madzulo aliwonse amatumiza mndandanda: uje wapereka mwakuti, a mpingo wakuti mwakuti, zatsala mwakuti. Kuchokera m'thumba limodzilo amalipira bokosi, kukonza thupi, mapepala a ku ofesi ya kazembe, ndi galimoto yodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Aliyense akanati azigula yekha chimene wakonda, pakanapezeka mabokosi awiri koma palibe wolipira mafuta a galimoto. Maiko opereka thandizo nawo amatsegula thumba limodzi lotere, kawirikawiri losungidwa ndi World Bank kapena United Nations. Dziko laling'ono lopereka, limene lilibe ofesi m'deralo, limangoponyamo gawo lake. Boma lolandira limalemba lipoti limodzi m'malo mwa makumi atatu.

Ku Afghanistan thumba lotere, lotchedwa ARTF, linatsegulidwa mu 2002, ndipo linachita chinthu chimene ena ankachipewa chija: linkalipira aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma mwezi ndi mwezi. Koma dzikolo linadalira thandizo mopitirira, moti pafupifupi magawo 75 pa 100 alionse a ndalama zoyendetsera boma ankachokera kunja, ndipo boma litagwa mu Ogasiti 2021 zonse zinaima tsiku limodzi. Kumwera kwa Sudan vuto linali lina. Mgwirizano wa mtendere wa mu 2005 utasainidwa, msonkhano wa ku Oslo unalonjeza madola 4.5 biliyoni ku dziko lonse la Sudan, ndipo thumba la kumwerako linatsegulidwa. Malamulo ogulira katundu anali oyenera dziko lokhala ndi mabanki, makontilakitala ndi owerengera ndalama odziwa ntchito, pamene ku Juba, likulu la deralo, zimenezo kunalibe. Ndalama zinakhala m'banki nthawi yaitali anthu akudikira sukulu ndi mankhwala. South Sudan inalandira ufulu mu 2011, ndipo mu Disembala 2013 nkhondo inabukanso. Sindikunena kuti thumbalo ndilo linayambitsa nkhondo, chifukwa anaiyambitsa ndi atsogoleri olimbirana mpando. Koma anthu wamba anali asanalawe mokwanira phindu la mtendere.

Apa ndiye pamabwera funso lovutitsitsa: buku la ndalama aligwire ndani? Opereka akamadutsitsa ndalama m'boma la dzikolo, bomalo limakula mphamvu, anthu amayamba kuliona ngati lawo, koma ngozi yoti ndalama zisololedwa imakhalapo. Akamalizemba boma n'kumapereka kwa mabungwe, ntchito imafulumira, koma boma limatsala chigoba, ndipo pulojekiti ikatha sipakhala woipitiriza. Mozambique inali chitsanzo cha njira yoyamba ija. Kwa zaka zambiri maiko opereka ankaika ndalama mwachindunji m'bajeti ya boma. Mu 2016 kunaululika kuti makampani atatu a boma anakongola madola pafupifupi 2 biliyoni, zambiri mobisa, ponamizira zombo zogwira nsomba ndi kuteteza gombe. IMF ndi maiko opereka anaimitsa thandizo, ndalama ya metikali inagwa, mitengo ya zinthu n'kukwera. Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma nthawi ya ngongolezo, anamangidwa pa bwalo la ndege la OR Tambo kuno mu Disembala 2018, anatumizidwa ku America mu 2023, ndipo khothi la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Ife Amalawi sitifuna wotiuza momwe izi zimapwetekera. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, maiko amene ankathandiza pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a bajeti yathu anatseka mpopi, ndipo amene analangidwa koyamba anali odwala m'zipatala za boma, osati osololawo.

Liberia inayesa njira yapakati. Nkhondo itatha mu 2003, kunakhazikitsidwa mu 2005 dongosolo lotchedwa GEMAP, loti ndalama za ku doko, ku bwalo la ndege ndi ku banki yaikulu zisatuluke popanda siginecha ziwiri, ya mkulu wa ku Liberia ndi ya katswiri wochokera kunja. Ena anati uku n'kunyoza ufulu wa dziko, ndipo madandaulo awo ndi omveka. Komabe ndalama zolowa m'boma zinakwera. Ine ndimaona kuti njira yotere ndi yabwino kuposa kulizemba boma, bola ikhale ndi tsiku lothera, ndiponso mlendoyo aphunzitse mwini dziko asanapite.

Pali mwala wina umene sutchulidwa kawirikawiri, ngongole zakale. Dziko likakhala pa nkhondo limaleka kubweza ngongole, ndipo malamulo a World Bank ndi IMF salola kubwereketsa ndalama zatsopano kwa dziko limene lili ndi ngongole zopitirira nthawi. Ndiye dziko losowa kwambiri limapezeka kuti khomo ndi lotseka kufikira maiko ena atalilipirira. Liberia inakhululukidwa madola 4.6 biliyoni mu 2010, patatha zaka 7 nkhondo itatha. Somalia inadikira mpaka Disembala 2023 kuti ikhululukidwe 4.5 biliyoni. Zaka zonse zodikirazo, amene ankagwira dzikolo kuti lisagwe ndi ana ake okhala kunja, kuphatikizapo a ku Mayfair aja. Ndalama zimene anthu a ku Somalia amatumiza kwawo zimaposa madola biliyoni imodzi pachaka, ndipo zimafika m'manja mwa mayi tsiku lomwelo. Pa misonkhano ya malonjezo ija anthu amenewa sapatsidwa mpando woyenera msinkhu wa zimene amapereka.

Opereka thandizo eni ake amawadziwa mavutowa. Ku Paris mu 2005 anasainirana kuti dziko lolandira ndilo lizitsogolera, ndipo iwo azitsata ndondomeko zake m'malo mobwera ndi zawo. Ku Busan mu 2011 maiko ochokera m'nkhondo, kudzera m'gulu lawo la g7+, anapempha zomwezo mwamphamvu. Ku Istanbul mu 2016 analonjeza kuti magawo 25 pa 100 alionse a thandizo la mwadzidzidzi azipita kwa mabungwe a m'dzikomo pofika 2020, koma chakacho chinafika asanayandikire n'komwe. Zimene zimachitika pansi sizinasinthe kwenikweni. Mabungwe akafika m'tauni yosakazidwa, lendi ya nyumba imakwera, ndipo mphunzitsi wa sekondale kapena mkulu wa mu unduna amasiya ntchito ya boma kukakhala dalaivala kapena womasulira, chifukwa malipiro ake ndi ochuluka kangapo. Munthuyo sitingamudzudzule, ali ndi ana ofuna kudya. Koma boma limene akuti akulimangalo ndi lomwe likulandidwa anthu ake odziwa ntchito. African Union nayo inavomereza ndondomeko yake yomangiranso maiko a nkhondo ku Banjul mu 2006, ndipo nthambi yake ya chitukuko, AUDA-NEPAD, ili pa Midrand pompano. Nzeru zilipo, koma thumba ndi laling'ono, ndipo wopanda thumba mawu ake samveka patebulo.

Lero zonsezi zikuyesedwanso kumpoto kwa Mozambique. Zigawenga zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, ndipo pofika pachimake anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawa kwawo. Tauni ya Palma itaukiridwa mu Malichi 2021, kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake ya gasi ya madola 20 biliyoni. Asilikali a Rwanda ndi a SADC anafika mu Julayi chaka chomwecho, ndipo boma linalemba ndondomeko yomangiranso chigawo chimenechi cha Cabo Delgado ya madola pafupifupi 300 miliyoni. Anthu ambiri anabwerera ku Palma ndi ku Mocímboa, koma nkhondo siinathe. Asilikali a SADC anachoka mu 2024 zigawenga zikuukirabe midzi. Kumeneko kulibe mgwirizano wa mtendere ngati wa ku Rome, kulibe tsiku loti pano nkhondo yatha, ndiye kugawa ufa ndi kumanga zipatala kuyenera kuchitika nthawi imodzi. Ndipo funso la yemwe akutetezedwa, anthu kapena gasi, silinganyalanyazidwe, chifukwa achinyamata a m'deralo kuona chuma chikudutsa pakhomo pawo osawakhudza ndi china mwa zimene zigawenga zimakopera anthu.

Thumba nalo likuchepa. Mu 2025 boma la America linatseka USAID ndi kudula thandizo lambiri, maiko ena a ku Ulaya nawo n'kuchepetsa gawo lawo pamene akuonjezera ndalama za zida. WFP inalengeza chaka chomwecho kuti itseka ofesi yake ya chigawo cha kumwera kwa Africa, imene inali kuno ku Johannesburg, n'kuiphatikiza ndi ya ku Nairobi. Sudan, kummawa kwa Congo, Gaza ndi Ukraine onse akuyang'ana m'thumba lomwelo. Ndalama zikachepa chonchi, kugula mabulangeti kawiri pamudzi umodzi kapena kusunga ndalama m'banki chaka chathunthu kumatanthauza kuti mudzi wina sudya. Kwa ife Amalawi nkhaniyi si yakutali. Mozambique yatizungulira kummawa, kumwera ndi kumadzulo, ndipo kukavuta kumeneko anthu amaolokera kwathu. Mu Disembala 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho zitakula, anthu zikwizikwi analowanso ku Nsanje, dera lomwe linali lisanachire ku namondwe wa Freddy ndi ku chilala, ndipo mabungwe asanafike ndi matenti awo amene anayamba kuwaphikira anali mafumu ndi amayi a m'midzi ya m'mbali mwa Shire.